Kadiso ka pa Thandala

Mdzukulu wanga anabwera kuchokera ku migodi mwezi wa Julayi, mphepo ikuulutsa fumbi, patapita zaka zitatu chidyereni chimanga chachikasu cha njala ija. Anatsika minibasi pa boma la Lundazi, napeza wanjinga womunyamulira katundu mpaka kwathu, m'njira yopita kwa Mwase. Katundu wakeyo anali chikwama chimodzi cha zovala ndi katoni yomangidwa ndi mphira za chubu. Chikwama anangochiponya pakhonde ngati cha mlendo. Katoni anainyamula ndi manja awiri, kuilowetsa m'nyumba, kuikhazika pamwamba pa thumba la chimanga, kenaka n'kutuluka kudzandipatsa moni.

Ine ndinabereka ana asanu, ndipo onse asanu ndinawaperekeza kumanda. Womaliza kupita anali mayi wa ameneyu. Adzukulu ena anatengedwa ndi akuchimuna, sindinawaonenso. Uyu yekha ndi amene anakulira m'manja mwanga, ndipo tsopano anali munthu wamkulu, wandevu, zaka zake zikuyandikira makumi atatu. Ku migodi ankagwira ntchito m'chipinda chokonzera makina oyezera magetsi. Atayamba kuchotsa anthu ntchito, dzina lake linapezeka papepala loyamba.

Kwathu gogo amaseka ndi mdzukulu wamwamuna pomutcha mwamuna wake, ndiye ndinamufunsa moteromo.

"Amuna anga, m'katonimo mwandisungira shuga?"

"Shuga amatha, agogo. Muno muli chinthu chosatha."

"Zosatha sindinazionepo. Tsegula."

Munali bokosi lachitsulo lotuwa, kukula kwake ngati njerwa zinayi zosanjikiza, kutsogolo kuli kagalasi ndi mabatani. Iye ankalitchula kuti mita. Anati anaitola pa mulu wa zotayidwa kuseri kwa chipinda chawo, n'kuidzutsa yekha akaweruka kuntchito. Ndinamufunsa katatu, masiku atatu osiyana, ngati anaitoladi, kuti ndione ngati nkhani isintha. Sinasinthe. Ntchito ya mitayo inali kuyeza wayilesi yodwala. Ukagunditsa waya m'mimba mwa wayilesi, pakagalasi pankatuluka manambala ofiira, wokonza n'kudziwa pamene pakhota. Koma inkayeza mawayilesi akale okha. Atsopano aja, omwe anthu anali atayamba kubwera nawo kuchokera ku Chipata, inkangowayang'ana.

"Yaonongeka?" ndinafunsa.

"Ayi. Anaimanga. Opanga amagulitsa mitundu iwiri, yotchipa ndi yodula. M'kati ndi chimodzimodzi, waya ndi waya. Koma yotchipayi anaiuza kuti ikafika pakati iziima."

"Anaiuza dala?"

"Dala."

"Ngati sikelo ya ogula mtedza."

"Ehe! Ndendende, agogo."

Zimenezo ndinazimva msanga. Ndagulitsa mtedza moyo wanga wonse ndipo sindinakumanepo ndi sikelo yonena zoona. Ndinaiyang'ana mita ija ndi kachisoni, ngati mbuzi yomwe aimangira chingwe chachifupi msipu uli pafupi.

Mawu omwe anaiuza mitayo ankakhala m'kanthu kakuda, kutalika ngati chala, ka miyendo yasiliva mbali zonse ziwiri ngati bongololo. Iye ankati ndi chipu. Pamsana pake panali kapepala komata, ndipo anati pansi pa kapepalako pali kazenera kagalasi. Anali nako kena kofanana nako, kotola pa mulu womwe uja, kopanda pepala, koma mawu ake anali a makina ena. Nditakayandikitsa kumaso ndinaona kazenera kozungulira, m'kati mukunyezimira. Ndinakatcha kadiso, ndipo sindinakatchulepo dzina lina.

Sabata yachiwiri kunabwera anzake awiri a paubwana, amene ankakumba miyala yobiriwira yamtengo wapatali m'maenje a mbali ya ku Lukusuzi. Anabwera atavala nsapato zatsopano, mmodzi chala china palibe. Anakhala naye pansi pa mango n'kumamunyengerera. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikupeta zomwe ndinali nditapeta kale. M'mudzi mwathu amuna awiri anali atakwiririka kale m'maenje amenewo, ndipo mmodzi sanamufukule n'komwe. Alendowo atapita ndinamufunsa molunjika.

"Upita?"

"Mita ikamasuka sindipita. Ku boma kuli bambo wina wa sitolo ya makaseti ndi mabatire, ali ndi magetsi. Akuti andipatsa benchi pakhonde pake. Mawayilesi atsopanowa palibe amawakonza kuno. Ndizigona pano, m'mawa ndizikwera njinga."

"Ikapanda kumasuka?"

"Ndiye ndidya chiyani, agogo? Mtedza wanu womwewu?"

Anayamba ntchito mawa lake. Anakhoma kathabwa, n'kumangirirapo maswichi ndi tinyale tofiira tisanu ndi titatu, mawaya opotanapotana. Chitsulo chake chowotcherera ankachitenthetsa pa mbaula yanga, ndipo nyumba yonse inkanunkha utomoni wopserera. Atamaliza anazula kadiso ka mu mita, n'kukatsomeka pakathabwapo. Ankagwetsa swichi, tinyale tina n'kuyaka tina ayi, iye n'kulemba zilembo ziwiri m'kope ndi pensulo. Kugwetsanso, kulembanso. Zilembozo zinali manambala osakanikirana ndi malemba, A mpaka F. Anachita zimenezo pakhonde masiku ambiri, kuyambira dzuwa likatuluka, mpaka kope linadzaza. Kenaka anakhala masiku ena akungoliwerenga, chikhatho chili patsamba, akuluma pensulo. Masiku amenewo ndimawakumbukira bwino. Ankaimba mluzu osadziwa kuti akuimba. Ine ndinkasenda mtedza chapafupi, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mwana wanga pakhonde panali phokoso la munthu wina. Tsiku lina anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Anali atapeza mfundo yomwe anamangira mita. Inali mizere itatu yokha m'kope lonselo.

Koma kadiso sikalola kufufuta mzere umodzi. Kayenera kuiwala zonse, kenaka n'kukalemba mwatsopano kuyambira poyamba. Chokaiwalitsa ndi kuwala kolowera pakazenera. Ku migodi anali ndi nyale yapadera yomwe inkamaliza ntchitoyo madzi asanawire pamoto. Kuno kunali dzuwa lokha, ndipo anati lingatenge masabata awiri kapena atatu. Koiwala bwino kamadziwika: paliponse ungagwetse swichi, tinyale tonse timayaka, popanda kotsala.

Ka mu mita kaja anakakulunga m'pepala lasiliva la ndudu, n'kukatsekera m'bokosi la machesi.

"Aka sindikakhudza," anatero. "Aka ndiye mayi. Ndikalakwitsa kwina, ndibwerera kwa aka."

Kachiwiri kaja anakaika pathandala langa loyanikira mbale, pamwamba pa mbale yovundikira, kazenera kakuyang'ana kumwamba. Iye anayamba kupita ku boma panjinga m'mawa uliwonse kukakonza matochi ndi mawayilesi akale pakhonde la wasitolo uja, kubwera dzuwa litapendeka.

Tsiku lachitatu kunabwera mkazi wa mlamu wanga, amene khomo lake linapenyana ndi langa. Anati akufuna mchere. Mayi ameneyo sanabwerepo kwa ine chifukwa cha mchere. Anandipatsa moni wa m'mawa m'chilankhulo cha kwathu.

"Monile, amama. Mwawuka uli?"

"Makola. Kwali imwe?"

Maso ake anali pathandala.

"Kadisoka kakuyang'ana yani?"

"Dzuwa."

"Dzuwa? Ine ndikaima pakhomo panga kamandithwanimira kumaso. Mwana wa mwana wanga dzulo wagwanso khunyu."

"Ndi za wayilesi."

"Eya. Za wayilesi." Analandira mcherewo n'kumauyang'ana m'dzanja ngati muli kanthu.

Chaka chapitacho, kutsidya kwa dambo, anthu anaitana wochotsa ufiti, ndipo anafukula nyanga pansi pa chitseko cha gogo wina wamasiye. Amene anaikwirira sindimudziwa. Chomwe ndidziwa n'chakuti wofukulayo sanayese kukumba pena paliponse. Nyumba anaitentha, ndipo gogoyo anakafera kwa mlongo wake ku Malawi. Iye anali ataika ana atatu okha. Ine asanu. Ndinkadziwa zomwe zinkanenedwa pachitsime ndikangotembenuka ndi ndowa yanga. Ndipo kupatula pakamwa panalinso manja akuba: masiku amenewo aliyense woona chinthu chonyezimira ankaganiza za ogula miyala.

Mdzukulu wanga atabwera ndinamuuza zonsezi. Anaseka, akupukuta fumbi m'ndevu.

"Agogo, ndi galasi ndi tizitsulo. Kangalodze ndani?"

"Iko sikadziwa kulodza. Anthu ndiwo adziwa kunena."

"Ndikawafotokozera."

"Ufotokozere yani? Iwe ukachoka m'mawa, amatsala ndi ndani pano?"

"Masabata atatu basi. Chonde musakakhudze. Ngakhale mthunzi wa dzanja lanu usadutsepo."

M'mawa mwake, njinga itangozimiririka kuseri kwa munda wa fodya, ndinakatenga n'kukavundikira ndi mtondo m'khitchini. Njinga yake inali ndi chitsulo cholendewera chomwe chinkamveka akadali kudambo. Ndikachimva ndinkabwezera kadiso pambale, miyendo kuloza komwe inaloza m'mawa. Ndinachita zimenezi tsiku ndi tsiku, kupatula Lamulungu pomwe iye ankakhala pakhomo. Ndinkadziuza kuti la m'mawa ndi la madzulo ndi dzuwa lomwelo, ndipo choiwala pa masabata atatu chidzaiwalabe pa masabata asanu ndi limodzi. Sindinkaona ngati ndikumulakwira. Ndinkaona ngati ndikusunga denga lomwe iye ankagona pansi pake.

Atakwana masabata atatu anakatsomeka pakathabwa. Apa tinyale tonse tinayaka. Apa tinayaka tisanu. Apa tiwiri. Anagwedeza mutu, natsuka kazenera ndi kansalu konyika m'kachasu, n'kukabwezera pathandala.

Tsiku limodzi ndinayesa kukasiya pomwepo, ndisaname. Dzuwa lisanafike pamutu ndinaona mkazi wa mlamu ataima kumalire a bwalo langa ndi akazi awiri a kutchalitchi, akuloza ndi milomo. Atangotembenuka ndinakachotsa, ndipo sindinayesenso.

Masabata ena atatu anatha chimodzimodzi: malo ena ayera, ambiri akadali ndi mawu ake akale. Analembera mnzake wa ku migodi kuti amutumizire kena, yankho silinabwere. Mluzu uja unaleka. Anayamba kusiya chakudya m'mbale. Ankati mwina dzanja lake linakapweteka pokazula, mwina anaotcha mwendo umodzi ndi chitsulo. Ankadzitukwana m'Chibemba cha ku migodi, chomwe sindinkachimva. Ine ndinkangochotsa mbale.

Okutobala anafika ndi kutentha kwake. Wasitolo anati benchi sangaisunge mpaka kalekale, kuli wina wokonza mawotchi akuifuna. Masana mitambo inayamba kuonekera n'kubalalikanso. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi, mdzukulu wanga anatulutsa bokosi la machesi lija, natenga lezala.

"Ukutani?"

"Kaja n'kakufa, agogo. N'zosadabwitsa, kanali pa zinyalala. Mvula ikayamba, dzuwa latha mpaka Epulo. Ndigwiritsa aka."

"Unati aka ndi mayi."

"Zonse zili m'kope. Palibe chomwe ndikutaya."

"Dikira sabata ina."

"Kudikira chiyani?"

Mawu anali pakamwa panga, ndipo anali ochepa: ndine ndimakachotsa. Ndinamuyang'ana nkhope, nkhope ya mayi ake, ndipo ndinaganiza kuti akamva anyamula chikwama lero lomwe. Sindinakhulupirire kuti angandikhululukire. Munthu amene ndinamusambitsa, amene ndinamutafunira chakudya mano asanamere, ndinamuyesa ngati mmodzi wa a pachitsime. Ndipo kope linalipo, lodzaza mpaka chikuto. Ndinadalira kope. Lezala inalowa pansi pa kapepala, kapepala n'kumatuka.

Ulendo uno sanapite ku boma. Anati akufuna azikatembenuza kutsata dzuwa. Anakhala pampando pafupi ndi thandala, chipewa chamlaza kumutu, malaya atanyowa kumsana. Tsiku lachiwiri mkazi wa mlamu anabwera. Ndinaima pakhomo, iye n'kulunjika kwa mdzukulu wanga.

"Adada, kanthu aka n'kachiyani?"

"Ndikukayanika, amama, ngati mtedza. Kakauma kaimba nyimbo."

"Ya tchalitchi kapena ya mowa?"

"Kwa inu kaimba ya tchalitchi. Kwa amuna anu ndiona."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira mtengo wa thandala. Mawa lake anabwera ndi tochi yake yakufa kuti amukonzere, mazira awiri ali m'nsalu. Za kadiso sindinamvenso liwu, pachitsime kapena kutchalitchi. Mwina chifukwa panali mwamuna. Mwina panalibe kanthu chiyambire. Ndaganiza za zimenezi zaka zambiri, ndipo sindidziwa chomwe chimandipweteka kuposa chinzake.

Tsiku la khumi ndi chiwiri tinyale tonse tinayaka, paliponse anagwetsa swichi.

"Mwaona, agogo? Aka n'kamoyo. Masiku khumi ndi awiri okha! Kaja kanandidyera miyezi iwiri pachabe."

Ndinati eya.

Polemba panafunika mabatire awiri a galimoto. Lina anabwereka kwa mphunzitsi, lina kwa wachigayo. Anandipempha kuti ndizimuwerengera kope, iye manja ali pa maswichi. Ndinaphunzira kuwerenga ku mishoni, ndipo maso anga nthawi imeneyo anali asanafooke. Ndinkatchula zilembo ziwiri, iye n'kukonza maswichi, n'kudina batani, n'kunena kuti, "Patsogolo." Masamba awiri oyamba tinayenda bwino. Pa lachitatu ndinaima.

"Iyi ndi eyiti kapena B?"

Anasuzumira. "Eyiti."

"Nanga iyi?"

"Iyonso... ayi, iyo ndi B."

"Zafanana."

"Ndi dzanja langa, ndimalidziwa. Patsogolo."

Pensulo inali itafufutika ndi thukuta la chikhatho chake, masiku omwe ankafunafuna mfundo. Ziro ndi D nazonso zinkabisalirana. Poyamba ankayankha msanga. Pofika pakati pa kope ankayang'ana nthawi yaitali, kupendeketsa tsamba kudzuwa, kuliyandikitsa, kulitalikitsa. Kamodzi ndinaona dzanja lake likupita lokha ku bokosi la machesi, n'kubwerera lisanafike. Munalibe kanthu m'bokosimo. Amene akanatiuza ngati ndi eyiti kapena B anali pakathabwa, akulandira zomwe tinkaganizira. Anayamba kuika kadontho pambali pa chilembo chilichonse chokayikitsa. Titamaliza, tsiku lachisanu ndi chimodzi, sanatiwerenge timadonthoto. Ine ndinayamba kutiwerenga chamumtima, n'kulekera panjira.

Poyesa ndinapita nawo ku boma. Wasitoloyo sindinkamudziwa, ndipo sindinkafuna kuti mita ikamasuka ikagone m'sitolo mwake. Iye anamanga katoni panjinga, ine ndinakwera minibasi. Ndinapeza munthu wonenepa, wolankhula Chinyanja cha m'tauni, kaseti ikulira kumbuyo kwake.

"Ah, amama abwela kulonda mwana! Musayope, sitidya anthu pano."

"Sindinanene kuti mumadya."

"Maso yanu yakamba, amama. Nkhalani apa pa mpando."

Sindinakhale. Anthu anasonkhana pakhonde, ogulitsa nthochi ndi anjinga odikira makasitomala. Mdzukulu wanga anabwezera kadiso m'malo mwake, natsomeka waya kukhoma, nadina batani. Pakagalasi panatuluka manambala ofiira, onse eyiti. Anthu anati, "Eee!" Kenaka manambalawo anathothoka, kutsala timizere tosawerengeka tikuphethira. Anazimitsa, kuyatsanso. Timizere tomwe tija. Anagunditsa waya m'wayilesi yatsopano, palibe. Anatenga yakale, ya mtundu womwe mita ija inkayeza mosavuta mwezi wa Julayi. Palibe.

"Mwana, iyi waipaya," anatero wasitolo. "Inali kuyenda na mwendo umodzi, iwe wadula na winawo."

Anthu anaseka, koma osati mwankhanza. Iye anaseka nawo, akumanga mphira pakatoni. Pobwerera sanakwere njinga. Anaikankha njira yonse, ine ndikuyenda pambuyo pake, ndipo pa mtunda wonsewo anangolankhula kamodzi, kundichenjeza galimoto.

Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, ndipo kumwamba kunatseka. Anzake a ku maenje anabweranso, nati akunyamuka Lachinayi. Nthawi ya mvula ndi yomwe dothi limafewa ndipo kukumba kumafulumira. Ndi yomwenso maenje amagwa.

Lachitatu m'mawa tinapita kukabzala mtedza, iye patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi mbewu. Ndinali nditaganiza kuti ndatsala ndi chinthu chimodzi chomugwirira. Ngati kachiwiri kaja sikanafe, ndiye kuti njira ilipo, ndipo angadikire Epulo.

"Kadiso kachiwiri kaja sikanafe," ndinatero.

Sanaleke kukumba. "Mwadziwa bwanji?"

"Sikanaone dzuwa. Ukachoka ndinkakavundikira ndi mtondo. Ndikamva njinga kudambo ndinkakabwezera."

Khasu linaima m'mwamba, kenaka linatsika pang'onopang'ono.

"Masiku angati?"

"Onse. Kupatula Lamulungu."

"Tsiku lija ndinatenga lezala, munali pomwepo."

"Ndinalipo."

"Munati ndidikire sabata ina."

"Ndinatero."

Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena aponya khasu. Ndikanakonda akanatero. Anangoima, akuyang'ana dothi lomata ku mapazi ake.

"Ndiye kali moyo," ndinapitiriza msanga. "Epulo sali kutali. Ukayanika, ulemba mwatsopano. Sindidzakakhudzanso, ndilumbire pa manda a mayi ako."

"Ndilembamo chiyani, agogo?"

"Za m'kope."

"Kope likunama, ndipo sindidziwa likunama pati. Amene ankadziwa zoona anali kaja, ndipo ndinakayanika ndekha masiku khumi ndi awiri, inu mukundibweretsera madzi akumwa. Mutandipatsa lero tidiso todzaza lichero, tonse tamoyo, ndilibe choikamo."

Ndinali nditamva za tinyale, za mfundo, za kazenera, koma ichi ndinachimva pomwepo, mbewu zili m'dzanja. Kuulula kwanga sikunabweze kanthu. Kunangochotsa chomwe chinatsala pakati pa ine ndi iye.

"Ukanandimvera poyamba paja," ndinayamba, "anthu aja..."

"Mukanandiuza."

"Ndinakuuza, unaseka."

"Za anthu munandiuza. Za mtondo simunandiuze." Ananyamula khasu. "Ponyani mbewu, agogo. Kukubwera mvula."

Anakumba munda wonse tsiku limenelo, mpaka kumalire, osapuma. Madzulo anabweza mabatire kwa eni ake, nakonza pomwe denga la khitchini linkadontha, nadula nkhuni zokwana mwezi. Ndinkaona zonsezo ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake. Sanandinyoze ndi liwu limodzi. Ulemu wake unachuluka kuposa kale, ulemu womwe munthu amapereka kwa agogo a mnzake.

Lachinayi anzake anafika dzuwa litangotuluka. Mdzukulu wanga anagwada pakhomo, naomba m'manja, nati, "Khalani makola, agogo." Ndinamupatsa mtedza wokazinga m'kansalu, analandira ndi manja awiri. Sanatembenuke mpaka munda wa fodya unawabisa.

Miyezi yoyamba mawu ankabwera kudzera mwa anthu: ali bwino, wanenepa pang'ono, akuti mukhale bwino. Chaka chachiwiri mawu analeka. Mmodzi wa anzake aja anabwera yekha, nati dzenje lawo linagwa mwezi wa Febuluwale, koma mdzukulu wanga sanalimo, anali atapita kale ku maenje ena kum'mwera. Ankalankhula akuyang'ana pansi. Patapita miyezi, kondakitala wina wa minibasi anati anamuona ku Chipata pa siteshoni akugulitsa malamba, ndevu atameta. Kenaka mkulu wa mpingo anabwera ndi akazi awiri, nandiuza mofatsa kuti nthawi yapita, ndi bwino tichite mapemphero a maliro kuti mtima wanga upume.

Wa ku dzenje sindinamukhulupirire. Wa minibasi sindinamukhulupirire. Mkulu wa mpingo ndinamufunsa kuti wamutuma ndani, ndipo akufuna chiyani pa munda wanga. Ananyamuka osamaliza madzi omwe ndinamupatsa. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene wabweranso kudzandiuza kanthu.